Draft ya Magic: kasankhidwe ka makhadi, kamangidwe ka deki ndi kaseweredwe ka pa mpikisano

Anthu ambiri akaluza draft, njira yosewerera Magic yomwe osewera amasankha makhadi m'mapaketi n'kumanga deki pomwepo, amadandaula kuti sanatsegule khadi lamphamvu. Koma mukawauza kuti ayale deki yawo patebulo, matenda ake amaonekera poyera: makhadi a mitundu itatu (Magic ili ndi mitundu isanu: woyera, wa buluu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira), ma land 15, makhadi odula (ofuna mana yambiri) mulu, ndipo choponya pa turn yachiwiri palibe. Khadi lamphamvu limathandiza ndithu, kungoti limabwera likafuna. Zomwe zimabwera pa draft ina iliyonse ndi zisankho zing'onozing'ono zoposa 40 komanso kuwerengera, ndipo zimenezi ndi zomwe munthu angaphunzire n'kuzidziwa.

Malangizo awa ndi a Magic: The Gathering, masewera omwe anapanga Richard Garfield ndipo anatulutsidwa ndi kampani ya ku America ya Wizards of the Coast mu 1993. Osewera Pokémon, Flesh and Blood kapena Lorcana atolamo zina, makamaka pa nkhani ya kaganizidwe, koma manambala onse ndi a Magic. Ndikutenga ngati malamulo oyambira mukuwadziwa kale: moyo 20, makhadi 7 m'manja, land (khadi lopereka mana yoponyera makhadi ena) imodzi pa turn.

Yambani ndi kumvetsa momwe mapaketi amayendera

Draft imakhala ya anthu 8 atazungulira tebulo, aliyense ndi mapaketi 3. Mumatsegula paketi yoyamba, kutengamo khadi limodzi, otsalawo n'kupatsa wa kumanzere kwanu, inu n'kulandira kuchokera kwa wa kumanja. Zimatero mpaka paketi itatha. Paketi yachiwiri imalowera kumanja, yachitatu imabwereranso kumanzere. Kwa zaka zambiri paketi inkakhala ndi makhadi 15, koma kuyambira mu 2024, pomwe anabweretsa ma Play Booster ndi seti ya Murders at Karlov Manor, muli makhadi 14. Ndiye kuti mumadzuka patebulo ndi makhadi 42, ndipo mwa amenewo mukufuna pafupifupi 23 oti alowe mu deki ya makhadi 40. Ma land wamba amapereka ulere.

Pali zinthu ziwiri zoti muzisunge m'mutu. Choyamba, mnzanu wa kumanja ndi amene amakudyetsani mapaketi awiri mwa atatu, choncho mitundu yomwe iye sakuifuna ndi yomwe idzakufikeni yambiri. Chachiwiri, paketi yomwe mwatsegula idzakupezaninso pa chisankho cha 9, itatsala ndi makhadi 6. Musanaipereke, iyang'aneni bwino n'kuloweza makhadi abwino atatu kapena anayi. Ikabwerera mudziwa zomwe anzanu asanu ndi awiri aja atenga ndi zomwe azinyoza.

Dziwani seti musanakhale patebulo

Seti iliyonse imatuluka ndi mndandanda wa makhadi ake onse pa intaneti masiku angapo isanayambe kuseweredwa. Musataye nthawi pa ma rare ndi ma mythic, poti amenewo mudzawaona mwa apo ndi apo. Werengani ma common ndi ma uncommon, chifukwa deki yanu ndi ya mdani wanu zidzadzaza ndi amenewo. Makamaka lowezani magulu awiri: makhadi opha kapena olepheretsa creature, omwe osewera amawatcha removal, ndi ma instant omwe angakudzidzimutseni pakati pa nkhondo. Mtundu uliwonse umakhala ndi ochepa chabe, ndipo kudziwa kuti wobiriwira wa mana 1 yosagwiritsidwa ntchito akhoza kukhala ndi Giant Growth, khadi lowonjezera creature +3/+3 pa turn imodzi, kumasintha momwe mutchingire.

Onaninso ma uncommon a mitundu iwiri. M'maseti ambiri, khadi lotere limakhala ngati chikwangwani chonena zomwe mitundu iwiriyo ikufuna kuchita: woyera ndi wa buluu nthawi zambiri amadalira zouluka, wofiira ndi woyera amadalira liwiro, wakuda ndi wobiriwira amakonda kugwiritsa ntchito makhadi omwe afa kale.

Zisankho zoyambirira: tengani mphamvu, musalumbire

Pa zisankho zinayi kapena zisanu zoyamba, tengani khadi labwino kuposa onse osayang'ana kwambiri mtundu. Funso ndi lakuti labwino ndi liti.

Pamwamba pali makhadi omwe amapambana gemu okha ngati mdani alibe yankho, monga Shivan Dragon, creature ya 5/5 (imamenya 5, imafa ikamenyedwa 5) youluka ya mana 6. Kenako removal yotchipa: Lightning Bolt, Murder, Pacifism. Kenako ma creature ovuta kuwatchinga kapena omwe amakupatsani khadi lina akamalowa. Ma creature wamba amabwera pambuyo pake, ndipo kumapeto kwenikweni ndi makhadi omwe amangowonjezera moyo kapena omwe amafuna zinthu zitatu zichitike kaye kuti agwire ntchito.

Njira yabwino yoyezera khadi inatchuka kudzera mwa Brian Wong ndi Marshall Sutcliffe a pulogalamu ya Limited Resources. Mumalifunsa khadilo mafunso anayi. Limathandiza kumayambiriro, pomwe aliyense akungoyala zake? Limathandiza gemu ikaima, onse akuopana kuukira? Limathandiza mukamatsogola? Nanga mukamamira? Funso lomalizali ndi lolemera kuposa onse. Mukamatsogola, pafupifupi khadi lililonse limaoneka lanzeru. Khadi lomwe limakuvuulani madzi ali m'khosi ndi losowa, ndipo n'chifukwa chake removal ndi makhadi osesa bwalo lonse ngati Wrath of God amatengedwa msanga. Khadi lomwe limapatsa creature yanu +2/+2 mpaka kalekale limakoma mukamatsogola, koma bwalo likakhala lopanda kanthu ndi pepala chabe, ndiponso mdani akapha creature ija mwataya makhadi awiri iye atataya limodzi.

Makhadi awiri akafanana mphamvu, tengani la mtundu umodzi kusiyana ndi la mitundu iwiri, komanso lotchipa kusiyana ndi lodula. La mtundu umodzi likhoza kulowa m'madeki anayi mwa magulu khumi a mitundu iwiri, pomwe la mitundu iwiri limalowa m'gulu limodzi lokha.

Kuwerenga zomwe tebulo likunena

Apa ndi pomwe pagona luso lenileni la draft, ndiye tikhalitsepo.

Tiyerekeze kuti mwatsegula Shivan Dragon n'kuitenga. Chisankho chachiwiri mwatenga removal yakuda, chachitatu creature yofiira yapakatikati, chachinayi simunaone chofiira chilichonse chogwira mtima. Pa chachisanu mukupeza Serra Angel, 4/4 youluka ya mana 5, ili phee m'paketi. Anthu anayi aiona n'kuisiya. Pa chachisanu ndi chimodzi mukupeza Pacifism. Pa chachisanu ndi chiwiri mulinso creature yoyera yabwino, pomwe ofiira omwe atsala ndi zinyalala zokhazokha. Tebulo lakuuzani mosabisa kuti a kumanja kwanu sakutenga zoyera, ndipo zikuoneka kuti wina mwa iwo akutenga zofiira. Wongoyamba kumene amakakamira Dragon yake n'kumatola zofiira zofooka mpaka kumapeto. Wodziwa amalowa zoyera, Dragon ija n'kuisunga pambali: mwina zofiira zidzabwera mu paketi yachiwiri kuchokera kumanzere, mwina ayi. Kusiya khadi limodzi labwino kumawawa, koma deki ili ndi malo 23, ndipo Dragon mudzaikoka m'magemu ena okha.

Chizindikiro chodalirika chimayamba pa chisankho cha 4 kapena 5 kupita m'tsogolo. Pa chachiwiri, kusowa kwa mtundu wina sikutanthauza kanthu, poti mwina paketiyo inalibe kale. Khadi limodzi lochedwa lingakhale ngozi chabe: mwina paketiyo inali yonona kwambiri, kapena amene anakutsogolerani sakulidziwa. Makhadi atatu otsatizana a mtundu umodzi ndiye umboni. Ndipo kuti muzindikire kuti khadi lachedwa, muyenera kudziwa nthawi yomwe limayenera kutengedwa, n'chifukwa chake kuwerenga seti kuja kumabwera poyamba.

Musadere nkhawa kwambiri zomwe inuyo mukutumiza kumanzere. Ena amasiya khadi lomwe akulifuna pofuna kuti mnzawo wa kumanzere asasokonezeke. Mnzanuyo amakupatsani paketi imodzi yokha, ndipo n'kutheka kuti sakuwerenga n'komwe. Kutenga khadi pongofuna kumana ena nakonso phindu lake n'lochepa. Patebulo la anthu 8 mumasewera ndi atatu okha, ndipo ngakhale mutakumana ndi mwini khadilo, ayenera alikoke kaye. Pa MTG Arena, Magic ya pa intaneti, n'kungotaya chisankho, chifukwa kumeneko draft ikatha mumakumana ndi anthu ochokera m'matebulo ena. Manani pokhapokha m'paketimo mulibe chilichonse choti chilowe mu deki yanu.

Pofika kumapeto kwa paketi yoyamba mukhale mutadziwa mtundu wanu waukulu. Wachiwiri ungadikire mpaka zisankho zoyambirira za paketi yachiwiri. Kupitirira pakati pa paketi yachiwiri mukadali m'mitundu inayi ndi ngozi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Paketi yachitatu: gulani zomwe zikusowa

Pakati pa mapaketi mumapatsidwa kanthawi koonanso zomwe mwatenga. Musamangosirira makhadi okongola. Werengani kuti ma creature alipo angati, a mana 2 alipo angati, removal ilipo ingati. Mukapeza kuti muli ndi makhadi asanu a mana 5 kupita m'mwamba koma a mana 2 alipo awiri okha, ndiye kuti mu paketi yachitatu Grizzly Bears wamba, 2/2 ya mana 2, ikuposa chilombo china chilichonse cha mana 6. Makhadi odula amapezeka mosavuta ndipo deki imangofuna ochepa. Otchipa abwino amatha msanga.

Kumanga deki

Makhadi 40, osapitirira. Khadi la 41 limangochepetsa mwayi wokoka makhadi anu abwino. Mwa 40 amenewo, 17 akhale ma land, ma creature akhale pakati pa 15 ndi 17, otsalawo removal ndi zina. Deki yothamanga, yomwe makhadi ake ambiri ndi a mana 3 kutsika m'munsi, ingathe kuyenda ndi ma land 16.

Yalani makhadi m'mizere potengera mtengo wa mana. Mzere wa mana 2 ndi wa mana 3 ikhale yaitali kuposa ina yonse, makhadi asanu kapena asanu ndi limodzi mzere uliwonse. Wa mana 4 ukhale ndi atatu kapena anayi. A mana 5 kupita m'mwamba onse pamodzi asapitirire asanu. Poyala, removal muiike padera, chifukwa Murder ndi ya mana 3 koma simufuna kuiponya pa turn yachitatu. Mukaiwerengera mu mzere wa ma creature mudzinamiza kuti muli ndi zoponya zambiri kumayambiriro.

Ma land agaweni potengera mtundu womwe uli ndi makhadi ambiri otchipa komanso omwe amafuna zizindikiro ziwiri za mtundu umodzi. Kawirikawiri zimakhala 9 ndi 8. Deki yomwe ili ndi makhadi ofuna zoyera ziwiri pa turn yachiwiri komanso zakuda ziwiri pa turn yachitatu idzakukhumudwitsani kawirikawiri, ngakhale khadi lililonse palokha litakhala labwino.

Mtundu wachitatu ndi wololedwa pa zifukwa zochepa: khadi limodzi kapena awiri amphamvu kwambiri, ofuna chizindikiro chimodzi chokha cha mtunduwo, ndiponso ogwira ntchito ngakhale atabwera mochedwa. Removal imayenera, creature ya mana 2 siyenera. Mukhale ndi magwero atatu a mtunduwo, ndipo ma land ngati Evolving Wilds, omwe amakatenga land wamba iliyonse mu deki, ndi omwe amachititsa kuti izi zitheke popanda kuwononga mitundu iwiri ikuluikulu. Shivan Dragon ija imafuna zofiira ziwiri, choncho ngati simunalowe zofiira, ikhale panja.

Makhadi 7 oyamba

Manambala apa amathandiza kukhazika mtima pansi. Mu deki ya makhadi 40 yokhala ndi ma land 17, pafupifupi manja 8 mwa 10 amabwera ndi ma land 2, 3 kapena 4. Dzanja limodzi mwa 10 limabwera ndi land imodzi kapena lopanda n'komwe, lina limodzi mwa 10 limabwera ndi 5 kupita m'mwamba. Choncho dzanja loipa si tsoka lanu nokha, limagwera aliyense pa mlingo womwewo.

Kuyambira mu 2019 malamulo amatsata mulligan (kubweza dzanja loyamba kuti mukoke lina) yotchedwa London: mumasakanizanso, kukoka 7, kenako n'kubweza pansi pa deki khadi limodzi pa mulligan iliyonse. Dzanja la land imodzi kapena lopanda land libwezeni, la ma land 6 kapena 7 chimodzimodzi. Lovuta ndi la ma land 2. Mukasunga dzanja lotere ndipo ndinu woyamba kusewera, mwayi wopeza land yachitatu pofika turn yachitatu ndi pafupifupi 71 pa 100. Mukakhala wachiwiri, poti mumakoka khadi limodzi lowonjezera, umafika pafupifupi 85 pa 100. Ndiye ma land 2 ndi makhadi otchipa muli wachiwiri, sungani. Ma land 2 a mtundu umodzi, m'manja muli makhadi a mana 4 ndi 5 a mtundu winawo, muli woyamba, bwezani ngakhale mtima ukukana. Dziwaninso kuti m'magemu a Arena omwe amathera pa gemu imodzi, kompyuta imakonderako manja okhala ndi ma land oyenera, ndiye zomwe mwazolowera kumeneko musazitengere ku makhadi a pepala.

Pabwalo: werengani musanagwire khadi

Turn iliyonse, mukakoka khadi, imani kaye. Wa bawo sagwira nkhomo asanawerenge komwe zikathere, apanso n'chimodzimodzi. Konzani turn yonse m'mutu, kuyambira land yomwe muponye, musanasunthe kalikonse. Zolakwa zambiri zimachitika chifukwa dzanja latsogola.

Funso loyamba pa gemu iliyonse ndi lomwe Mike Flores, wolemba za Magic, analemba mu 1999: pa awirinu, woukira ndani? Ngati deki ya mdani idzakuposani gemu ikatalika, poti ili ndi zilombo zikuluzikulu kapena imakoka makhadi ambiri, inu ndinu woukira ndipo muyenera kumaliza msanga. Ngati yanu ndi yomwe imalimba mochedwa, tchingani, sinthanitsani ma creature, sungani moyo. Udindowu umasintha pakati pa gemu, ndipo wolephera kuuzindikira amaluza ali ndi makhadi abwino m'manja.

Taonani chitsanzo ichi. Muli ndi moyo 14 ndi ma Wind Drake awiri, 2/2 zouluka. Mdani ali ndi moyo 12, alibe chouluka, koma ali ndi Colossal Dreadmaw, 6/6 ya trample (ikatchingidwa, mphamvu yotsala imamenyabe moyo wanu). Turn ndi yanu. Mukaukira ndi onse awiri, iye atsika pa 8, kenako 4, kenako 0: ma turn atatu. Pakati pake iye akumenyani kawiri kokha, kuchoka pa 14 kufika pa 8, kenako pa 2. Mpikisano wothamangawu ndi wanu, ndi moyo 2 wotsala. Tsopano funsani chomwe chingasokoneze. Akaponya Grizzly Bears pa turn yake yotsatira, ulendo wachiwiri akumenyani 8 ndendende, ndipo mwafa. Ndiye creature iliyonse yapansi yomwe mungaponye panopa, ngakhale 1/1, ndi yofunika kuposa khadi lokoka makhadi ena, chifukwa idzatchinga Bears. Nanga akakhala ndi Giant Growth? Pamenepo 6 ndi 3 zikwana 9, mwafanso. Koma onani mbali inayo. Mukasunga ma Drake kuti atchinge, onse awiri pamodzi amangomenya 4, sangaphe 6/6, ndipo Dreadmaw iwapha onse. Kukhala kumbuyo sikukupulumutsani ku Giant Growth, kungochedwetsa maliro. Choncho ukirani ngati alibe. Khadi la mdani mumalizemba pokhapokha kulizembako kukusiyirani njira yopambanira.

Mfundo yomweyo imagwira mukamamira. Dzifunseni kuti ndi makhadi ati otsala mu deki omwe angakupulumutseni, ndipo sewerani ngati mukoka limodzi mwa amenewo. Ngati alipo awiri mwa makhadi 20 otsala, mwayi ndi 10 pa 100 pa turn yotsatira. Ndi wochepa, koma ukuposa njira yomwe imakupatsani ma turn awiri owonjezera popanda chiyembekezo chilichonse. Mukamatsogola tembenuzani funsolo: n'chiyani chingandigwetse? Ngati ma creature atatu akukwana kumaliza gemu ndipo mdani ali ndi mtundu womwe uli ndi khadi losesa bwalo, wachinayi akhale m'manja.

Zina ndi zizolowezi zoti zilowe m'magazi. Ukirani kaye, creature yatsopano muiponye nkhondo itatha, pokhapokha ngati ikuthandiza pa nkhondoyo. Mukatero mdani amatchinga asakudziwa zomwe mana yanu ichite. Removal musaiwonongere pa creature yoyamba yomwe mwaona. Ngati ma creature anu angathe kuthana nayo, isungireni chouluka kapena chilombo chomwe mulibe nacho yankho lina. Kumayambiriro gwiritsani ntchito mana yonse turn iliyonse momwe mungathere, poti mana yomwe yagona sibwerera. Moyo nawo ndi chuma chogulira nthawi: kutaya 1/1 potchinga muli pa 18 n'kutaya khadi pachabe.

Kulowa mpikisano

Poyambira pabwino ndi Friday Night Magic, yomwe imachitika m'masitolo a masewera. Kwa amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena m'mizinda ya ku Britain, masitolo otere alipo, ndipo tsamba la Wizards lili ndi pofufuzira sitolo yapafupi. Kumeneko malamulo amawagwiritsa ntchito mofewa, cholinga n'kuphunzitsana. M'mipikisano ikuluikulu, yomwe imatsegula njira yopita ku Pro Tour, mpikisano wa akatswiri womwe unayamba ku New York mu 1996, zinthu zimalimba: zisankho za draft zimakhala ndi nthawi yowerengedwa, simuloledwa kuona zomwe mwatenga kufikira paketi itatha, ndipo deki mumailemba papepala. Pepala likasiyana ndi deki mukhoza kuluza gemu musanaponye khadi, choncho werengani kawiri.

Ndime iliyonse ndi ya mphindi 50, ndipo wopambana ndi woyamba kutenga magemu awiri. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu 1, kuluza 0, ndipo ndime yotsatira mumakumana ndi wa mapointi ofanana ndi anu. Nthawi ikatha gemu ili mkati, pamakhala ma turn 5 owonjezera basi. Ngati gemu yoyamba yatayika mosakayikitsa ndipo nthawi ikuthamanga, igonjereni kuti mupeze mpata wa magemu awiri otsalawo.

Pakati pa magemu, makhadi onse omwe munatenga koma sanalowe mu deki ndi ololedwa kulowa. Ambiri saigwiritsa ntchito mphatso imeneyi. Mwaona zouluka zitatu? Lowetsani Plummet, khadi lopha chouluka. Mdani ali ndi ma creature ambiri a 2/1? Creature ya 1/3 yomwe munainyoza ija yapeza ntchito. Woluza gemu yapitayo ndi amene amasankha kuti ayambe kusewera ndani, ndipo nthawi zambiri kuyamba n'kwabwino.

Moyo muzilemba papepala, wanu ndi wa mdani, ndipo muzinena mokweza ukasintha. Dayisi imagubuduzika tebulo likagwedezeka. Makhadi avekeni timatumba tofanana topanda zizindikiro. Sakanizani mokwanira, ndipo deki ya mdani muisakanizenso akakupatsani. Kuyala makhadi m'milu kumaloledwa kamodzi pa gemu, kowerengera chabe, sikuwerengedwa ngati kusakaniza. Pakachitika chilichonse chosamveka, kwezani dzanja muitane jaji. Ife tinaleredwa kuti kuitanira munthu wamkulu ndi kumuneneza, koma kuno si choncho: jaji alipo kuti athandize onse awiri, ndipo kukonza nokha cholakwa n'komwe kumabweretsa milandu. Chimodzi choti musayerekeze: kupereka kapena kulandira kanthu kuti wina agonje, kapena kuponya dayisi kuti mupeze wopambana nthawi ikatha. Chilango chake n'kuluza ndime yonse, mwinanso kuchotsedwa mu mpikisano.

Mpikisano wa tsiku lonse umatopetsa mutu. Tengani madzi ndi kachakudya, ndipo ndime ikatha tulukani panja m'malo mokhala n'kumafotokozera aliyense momwe ma land anakukanirani.

Kuyeserera ndi kudziunika

Kwa amene muli kutali ndi masitolo, MTG Arena ndiyo njira, ndipo kuyambira mu 2021 imaseweredwanso pa foni. Premier Draft ndi ya anthu enieni, imalowedwa ndi ndalama za mu Arena, gold 10,000 kapena ma gem 1,500, ndipo imatha mukapambana ka 7 kapena kuluza ka 3. Quick Draft ndi theka la mtengowo ndipo mumasankha pamodzi ndi kompyuta popanda wotchi. Netiweki ikakhala yodukaduka, Quick Draft ndi yotetezeka, chifukwa mu Premier nthawi ikatha makina amakusankhirani okha. Kungoti kompyuta sisankha ngati munthu, ndiye kuwerenga tebulo simungakuphunzire bwino kumeneko. Masamba ngati Draftsim ndi Draftmancer amalola kuyeserera kusankha popanda kulipira. Ndipo ngati mwapezana anzanu okhala ndi makhadi a pepala, sonkhanitsani makhadi 360 osiyanasiyana mupange cube: amakwana anthu 8 mapaketi 3 a makhadi 15, ndipo mungawachite draft mobwerezabwereza osagulanso paketi.

Tsamba la 17Lands limasonkhanitsa zotsatira za magemu a Arena kuchokera kwa osewera omwe avomera kutero, ndipo kuwerenga n'kwaulere. Nambala yomwe ambiri amayang'ana ndi GIH WR, yosonyeza kuti anthu amapambana kangati khadilo likafika m'manja. Ina ndi ALSA, yosonyeza kuti khadilo limachedwa bwanji m'paketi. Khadi la GIH WR yokwera lomwe limachedwanso ndi chuma chomwe ena akuchipondereza. Koma manambalawa awerengeni ndi nzeru. Ogwiritsa ntchito tsambali amapambana kuposa theka la magemu awo, choncho khadi muliyerekeze ndi makhadi anzake a mu seti yomweyo, osati ndi 50 pa 100. Khadi wamba la mtundu wamphamvu limaoneka labwino chifukwa cha anzake, ndipo nambala singadziwe kuti deki yanu ikusowa creature ya mana 2.

Mukaika pulogalamu yawo pa kompyuta, imasunga draft yanu chisankho ndi chisankho, ndi magemu anu turn ndi turn. Draft ikatha, kaya mwapambana kaya mwaluza, bwererani pa zisankho za 4 mpaka 9 za paketi yoyamba muone mtundu womwe unkayenda, kenako muyerekeze ndi womwe munalowa. M'magemu, pezani turn imodzi yomwe munali ndi njira ziwiri, muiweruze potengera zomwe munkadziwa nthawi imeneyo, osati zomwe zinadzachitika. Kusunga dzanja la land imodzi n'kupambana kumakhalabe kulakwitsa, ndipo kuukira kwa ma Drake kuja kumakhalabe kolondola ngakhale Giant Growth itatulukadi. Ngati muli ndi mnzanu wokuposani, mutumizireni draft yonse mutabisa zomwe munatenga, anene yekha zomwe akanasankha, ndipo mukambirane pokhapo pomwe mwasiyana.